Kanthambi ka Minti

Kanandigwera paphewa, kenaka n'kutsetserekera m'madzi a laimu: kanthambi ka minti, kobiriwira ngati kangothyoledwa kumene. Ndinali nditamira m'dzenje mpaka m'ntchafu, ndikupondaponda zikopa za mbuzi. Ndinakatola msanga laimu asanakadye, ndinakapukutira kumalaya, ndipo ndinakweza maso.

Mtsikana uja anali pomwe ankaima masiku onse, pangodya ya denga la sitolo ya Haji Larbi, dengu lili m'manja, mpango wake wotuwa ukuuluzika ndi mphepo. Mbali zonse kunali alendo odzaona mzinda, atandanda pakhoma ngati nkhunda, aliyense atadziphimba mphuno ndi masamba. Amenewo ine sindinkawawerengera. Ndinatsomeka kanthambi kaja kukhutu, ndinamwetulira, ndipo iye anatembenuka n'kuzimiririka kuseri kwa zikwama zopachikidwa.

"Mwana wa Allal wadya kale chamasana," anatero a Tahar ali m'dzenje loyandikana ndi langa. "Ife tikudikira buledi, mnzathu wakhuta tsamba."

"Pondani zikopa, amalume. Mukulankhula kwambiri, mano otsalawo angagwere m'laimu."

"Ndinayamba kuponda zikopa amako asanakuyembekezere. Khosi limenelo lidzathyoka, Jawad. Wofufuta amayang'ana pansi, pomwe pali mapazi ake. Kumwamba kuli Mulungu ndi azungu. Mulungu umamupeza utagunditsa mphumi pansi, ndipo azungu alibe nawe ntchito."

Anzathu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, chifukwa munthu amene ali ndi chinsinsi savutika kuseka.

Maenje athu ndi akale kuposa makoma ambiri a mumzinda wathu wa Fezi. Agogo a agogo anga anaimamo, m'oyera a laimu, m'otuwa a zitosi za nkhunda, mpaka m'a utoto wofiira ndi wachikasu. Fungo lake ife sitilimva. Timalidziwira pankhope za anthu ena, monga mumzikiti, pamene woyandikana nawe pamzere amasendera pang'ono ngati akukonza mkanjo. Masitolo a zikopa anatizinga mbali zonse, ndipo eni ake anazindikira kalekale kuti chimene chimakoka alendo si nsapato kapena zikwama, koma ifeyo. Amawakweza padenga, amawapatsa minti wotsekera mphuno, amawasiya atiyang'ane mpaka atakhuta, kenaka amawatsitsira pakati pa katundu. Wofufuta sakwera kumeneko. Palibe anatiletsa. Ife tili ndi chipata chathu chakumunsi, cholowera abulu, ndipo zikopa zathu zimakafika kumwambako zitadutsa m'manja mwa anthu ena.

Dzina lake ndinalimva kwa mwini bulu wina wotuta zikopa. Hayat, mwana wamkazi yekhayo wa Haji. Tinali tisanalankhulanepo. Mawu ake ndinkawapeka ndekha ndikamaponda, ndipo tsiku lililonse ankamveka mosiyana. Kanthambi kanayamba kugwa nthawi ya dzuwa lowotcha, ndipo pofika nthawi ya mphepo kanali kasanaphonyepo dzenje langa. Ndinkadzifunsa kuti, pa anthu onse odzaza bwalo lija, bwanji ine? Yankho lake ndinkaliopa ndi kulikonda nthawi imodzi.

Koma chimene chinanditsimikizira linali Lachisanu lina. Lachisanu masana masitolo amatseka, abulu amapuma, bwalo lonse limangoti zii. Ine ndinali nditabwerera kudzatembenuza zikopa zimene ndinaziiwala m'laimu. Padenga panalibe mlendo ngakhale mmodzi. Anatulukira yekha, anaima pangodya paja, ndipo nthawi imeneyi sikanagwe kanthambi kamodzi. Anapendeketsa dengu lonse. Masamba anatsika akuzungulira m'mwamba, ena m'tsitsi langa, ena m'manja, ena pamadzi. Ndinaima pomwepo osapuma bwino mpaka atapita. Ndinawatola onse, ndinakawabisa m'mng'alu wa khoma la chipinda choyanikira zikopa, kumene palibe ankafika ndi dzanja, ndipo sindinauze munthu.

Bambo anga anali atasiya ntchito chifukwa cha chifuwa. Moyo wawo wonse anaima m'dzenje la utoto wofiira, ndipo ngakhale atagona pamatilesi miyezi yambirimbiri, kufiira kuja sikunachoke m'miyendo mwawo. Tsiku limene ndinayankhula, amayi anali akusefa ufa pakhomo la chipinda, bambo atatembenukira kukhoma.

"Mwana wa ndani?" anafunsa amayi.

"Wa Haji Larbi. Wa sitolo ya pangodya."

Sefa inaima. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikufuna kukwatira mwezi.

"Wakuuza chiyani mtsikanayo?"

"Sananene ndi pakamwa."

"Wanena ndi chiyani, ndi phazi?"

Ndinawafotokozera za minti. Za Lachisanu sindinanene. Zimenezo zinali zanga.

"Jawad mwana wanga," anatero amayi, akupukuta ufa m'manja pang'onopang'ono. "A padenga amakwatirana ndi a padenga. Naima, mwana wa azakhali ako, ali apo. Amadziwa kuchapa malaya a laimu, ndipo mphuno yake inazolowera ali kumsana. Ukufuna ndikanyamule shuga kudutsa mzinda wonse kuti anthu akandione ndikubwerera naye?"

"Simubwerera naye."

"Wadziwa bwanji? Tsamba lakuuza?"

"Zhor," anatero bambo osatembenuka. Tonse tinkaganiza kuti ali m'tulo. "Kagule shuga."

"Inu gonani, chifuwa chingayambe."

"Ndagona kokwanira, ndipo posachedwa ndigona zenizeni. Ndikufuna ndimve nthungululu m'nyumba muno ndisanamve owerenga Kurani ali kumutu kwanga." Anatsokomola nthawi yaitali, amayi atawagwira msana. Atapeza mpweya anapitiriza. "Chibadwire mwanayu sanapemphepo kanthu. Ndinamulowetsa m'dzenje, analowa. Lero wapempha. Akatikana, atikana. Shuga sawola."

Mawa lake amayi anabwera nacho chulu cha shuga, cholimba ngati mwala, cholemera ngati khanda, chokulungidwa m'pepala labuluu. Anachiika pashelefu osandiyang'ana. Mkazi wa Haji anamwalira kalekale, choncho panalibe mayi woti amayi akayambe kunong'onezana naye monga zimakhalira. Panangotsala kupita kwa mwini wake, kusitolo kumene ankakhala tsiku lonse, ndipo popeza bambo sakanatha kutsika masitepe, ndinayenera kuperekeza amayi ndine.

Ndinalawirira kunyumba yosambira. Ndinakhala m'chipinda chotentha kwambiri mpaka mutu unayamba kuzungulira, ndikudzikhula ndi sopo wakuda mpaka khungu linawawa. Ndinatsuka tsitsi, ndinatsukanso. Zikhadabo zokha ndi zimene zinakana, laimu anali atazidya n'kuzisiya zachikasu. Ndinavala mkanjo woyera wa bambo, wa manja aatali, ndipo ndinabisa zala.

Tinanyamuka itatha swala, pemphero la madzulo. Amayi anali patsogolo, shuga atamufunditsa nsalu pachifuwa. Azimayi a m'njira yathu anaona, ndipo palibe anafunsa. Munthu wonyamula shuga amapita kokafunsira mbeta kapena kumaliro, ndipo amayi anali atavala zobiriwira.

Khomo la sitolo ndinali ndisanalionepo chakutsogolo. Tinalifika pamodzi ndi gulu la alendo amene ankatsatira woperekeza wawo wonyamula ambulera m'mwamba, ndipo kanjira kanali kopapatiza moti tinangosakanikirana nawo n'kulowa ngati nkhosa. M'kati munali mdima wozizira. Ndipo pansi pa masitepe, pafupi moti ndikanatha kumukhudza, anali ataima Hayat.

Anali wamfupi kuposa mmene ndinkaganizira. Pachibwano anali ndi kachipsera. Ankatapa m'dengu n'kupatsa aliyense wodutsa kanthambi, akunena mawu omwewo m'zinenero za alendo, kumwetulira kuli pamilomo pokha. Atafika pa amayi anawapatsa kawo. Atafika pa ine anandipatsa kanga, maso ali m'dengu.

"Masitepe ngoterera, muzigwira khoma," anatero. Mawu ake anali okhuthala pang'ono, ngati a munthu amene walankhula tsiku lonse. Sanafanane ndi ena alionse amene ndinawapeka.

Amayi anayang'ana kanthambi kamene kanali m'dzanja lawo, kenaka anayang'ana ine. Ine ndinadziuza kuti ndi mtsikana wochenjera, akubisa chifukwa cha anthu, ndipo chinsinsi chathu chinandikomera kwambiri.

Khoma la masitepe linali lodzaza ndi zithunzi. Chipata chabuluu, madenga obiriwira a mzikiti waukulu, osula mkuwa, maenje athu akuoneka kuchokera kumwamba ngati mbale za utoto. Ndinkakwera ndikuwerama kuti ndisagunde mutu. Pokhota ndinaweramuka, ndipo ndinakumana ndi ine mwini.

Chinali chachikulu ngati chitseko. Ndinali nditaima m'laimu, malaya atanyowa, kanthambi kali kukhutu, nkhope itatembenukira kumwamba. Sindinkadziwa kuti nkhope yanga imatha kuoneka choncho. Zonse zimene ndinabisa m'mng'alu wa khoma, zimene sindinauze amayi, zimene sindinazitchule ngakhale m'pemphero, zinali pamenepo poyera, m'maso ndi m'mano. Pansi pake panali kashelefu kodzaza ndi timakhadi ta chithunzi chomwecho. Chinalinso pamatumba a mapepala oikamo katundu wogula.

Mayi wina wachizungu, wofiira khosi ndi dzuwa, anayang'ana khoma, anayang'ana ine, anayang'ananso khoma, ndipo anamenya mwamuna wake pamkono. Gulu lonse linatembenuka. Mafoni anakwera m'mwamba. Wina anandilozera khutu lake, akundipempha ndi manja kuti nditsomeke kanthambi kamene ndinali nako. Amayi anakokera mpango kumaso n'kufungatira shuga.

"Abale, ndi iyeyu," anatero munthu wina akutsika masitepe, manja atatambasula. Anali Yunes, mchimwene wake wa Hayat, wa ndevu zometedwa bwino. "Bambo, bwerani muone amene watichezera. Wa khutu uja." Anandikumbatira paphewa pamaso pa alendo, tinajambulidwa pamodzi, ndipo ndinaona kuti nkhope yake anaitembenuzira kumbali pang'ono.

Haji anali m'kachipinda kam'kati, pakati pa milu ya mapilo achikopa, mikanda ya pemphero ili m'manja. Anaimirira kulonjera amayi. Maso ake anagwera pansalu imene anafungatira, ndipo ndinaona chinachake chikutsekeka pankhope pake, mwaulemu, ngati zenera. Anaitanitsa tiyi. Amayi anavundukula shuga n'kumuika patebulo.

Anafunsana za moyo, za kuzizira, za kukwera mtengo kwa mafuta ophikira. Tiyi atathiridwa, amayi anawongola msana.

"Haji, tabwera ngati alendo a Mulungu. Mwamuna wanga akudwala, akanabwera yekha. Tabwera ndi manja awiri kudzapempha mwana wanu Hayat, m'njira yoyenera, kuti akhale mkazi wa mwana wanga uyu."

Yunes anali ataima pakhomo. Anatulutsa kaphokoso kamene anakasandutsa chifuwa. Haji anakweza chala chimodzi ndipo kunakhala bata.

"Bambo ake ndi Allal wa dzenje lofiira?"

"Ndi omwewo."

"Ndikuwadziwa. Chikopa chawo sichisuluka. Mulungu awachiritse." Anasuntha mikanda ingapo. "Koma ana awa anaonana kuti, mayi? Mwana wanga satuluka yekha."

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Minti, Haji," ndinatero. "Amandiponyera."

Haji anayang'ana mwana wake wamwamuna. Yunes anakanda m'ndevu. Kuseka kunali kutamuthera, ndipo analankhula mofatsa, ngati akufotokozera wogula mmene chikwama chinasokedwera.

"Mbale wanga, usandikwiyire. Alendo ankadandaula kuti pazithunzi pawo pakungooneka misana ndi zipewa. Tinayesa kukuwa, tinayesa kuimba mluzu, palibe ankatembenuka. Inu anthu muli ndi makosi ouma. Ndiye ndinauza mlongo wanga kuti, ponya tsamba, mwina wina adabwa. Anaponyera angapo. Wina anatukwana. Wina sanamve n'komwe. Iwe wekha ndi amene unayang'ana kumwamba." Anaima kaye, kenaka anawonjezera ngati akundipatsa mphatso. "Ndipo unayang'ana bwino. Operekeza alendo tsopano amawabweretsa kuno poyamba. Amachita kufunsa nthawi ya tsamba."

Tiyi wanga anali akufuka. Ndinayang'ana nthunzi yake chifukwa kunalibe kwina koyang'ana.

"Mayi, mwatilemekeza," anatero Haji. "Nyumba yanu ndi ya anthu olimbikira, palibe angakane. Koma zonse n'zolembedwa, ndipo izi sizinalembedwe." Anaika zala ziwiri patsinde pa shuga n'kumukankhira chakwa amayi, pang'onopang'ono, pepala labuluu likukhwekhwereza patebulo. "Yunes, apatse mwanayu khadi limodzi. Sanadzionepo."

Amayi anafunditsanso shuga nsalu ija. Tambula yawo sanaikhudze. Ataimirira, anaika patebulo kanthambi kamene anapatsidwa pakhomo.

"Minti wanu mumagula kuti, Haji? Ngwamphamvu. Amafika mpaka m'nyumba za anthu."

Haji anagwira pachifuwa n'kuwerama ngati wayamikiridwa.

Alendo onse anali padenga, choncho masitepe tinatsika tokha. Ndinadutsa nkhope yanga osaiyang'ana, kathumba ka pepala kali m'manja. Amayi anatuluka osaima. Hayat anali pomwe tinamusiya, ndipo nthawi imeneyi anandiyang'ana. M'nyumba zakale mawu amatsika masitepe msanga kuposa anthu.

"Ndinu inuyo," anatero motsitsa. "Sindinakuzindikireni ndi mkanjowo. Pepani. Sindinkadziwa kuti mungaganize zina."

Ndikanatuluka. Koma ndinali ndi chinthu chimodzi chimene Yunes sankachidziwa, ndipo ndinachigwira ngati munthu womira.

"Nanga Lachisanu lija?"

"Lachisanu liti?"

"Kunalibe alendo. Munabwera nokha. Munandikhuthulira dengu lonse."

Anakwinya pamphumi, akufufuza moona mtima, ndipo kufufuza kumeneko ndi kumene kunandipweteka kuposa mawu a mchimwene wake. Kenaka anakumbuka.

"Lachisanu timakhuthula dengu. Minti akagona amada, alendo samufuna." Anandiyang'ana ndi chisoni. "Munali pansipo? Sindinakuoneni."

Tinaima choncho kanthawi, pafupi kwambiri kuposa mmene tinakhalirapo. Sanali munthu woipa. Maso ake anali onyowa. Koma tili chiyimire, dzanja lake lamanzere, limene linali ndi kanthambi, linayamba kukwera lokha, linadutsa pachifuwa, linadutsa kachipsera kaja, n'kukaima pansi pa mphuno. Iye sankadziwa kuti likuchita zimenezo. Anapitiriza kundiyang'ana mwachifundo pamwamba pa masamba.

Panjira yobwerera amayi sanabise shuga. Anamunyamula poyera, mutu uli chilili, ndipo azimayi a m'njira yathu anapeza zochita m'kati mwa nyumba zawo. Bambo anali atadzikhazika tsonga, atavala chipewa chawo choyera kudikira uthenga. Anaona pepala labuluu, ndipo anavula chipewacho.

"Muikeni pashelefu," anatero. "Nanga m'thumbamo muli chiyani?"

Ndinawapatsa. Anatulutsa khadi, analiika patali ndi maso, analibweretsa pafupi. Analiyang'ana nthawi yaitali moti amayi anasiya zimene ankachita.

"Ndiwe uyu?"

"Ndine."

"Ndakulera ine, koma sindinakuonepo ukuseka chonchi. Anakuchita chiyani kuti useke chonchi?"

"Anandiponyera tsamba, bambo."

"Tsamba." Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo amayi anathamangira madzi. Chitatha, anatsamiritsa khadi lija kukhoma, pafupi ndi mutu wawo. Amayi anafuna kulichotsa. "Lisiye, Zhor. Azungu ali nalo m'nyumba zawo. Ine ndilekerenji?"

Anamwalira mvula yoyamba itagwa, atatembenukira kukhoma lomwelo. Anansi anabwera ndi shuga wawo monga mwa mwambo, zulu zinandanda m'mbali mwa chipinda, koma amayi anadutsa zonsezo n'kukatsitsa chathu pashelefu. Anang'amba pepala labuluu pamaso pa azimayi onse. Anatenga kanyundo ka mkuwa.

"Anati sawola," anatero, ndipo anamenya.

Tiyi wa owerenga Kurani anatsekemera ndi shuga ameneyo. Ine ndinamwa wanga wopanda tsamba.

Masiku a maliro atatha, akuluakulu a pabwalo anandichotsa m'laimu n'kundipatsa dzenje la bambo. Lili chapakati, ndipo limaoneka bwino kuchokera pa madenga onse. Madzi ake ndi ofiira kwambiri moti m'mawa amaoneka akuda. Ndinalowamo, anandifika m'mawondo, pomwe ankawafika iwo. A Tahar anadutsa atasenza zikopa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumadzi. Anangondigunda ndi chigongono n'kupitirira.

Dzuwa litakwera ndinamva phokoso la mapazi padenga, ndi mawu a woperekeza alendo akufotokoza za zitosi za nkhunda, ndi kuseka kumene kumatsatira pamenepo masiku onse. Sindinakweze mutu. Ndinaponda.

Kanthambi kanagwera patsogolo panga, osapanga phokoso. Kanayandama, kobiriwira pamwamba pa kufiira. Kenaka kanagwa kena, pafupi ndi bondo. Khosi langa linayamba kuwawa ngati ndasenza thumba la mchere. Ndinasiya kuponda kuti ndiligwire bwino, ndipo popeza ndinasiya, madzi anadekha.

Denga lonse linali mmenemo, chadodolido, pansi pa mawondo anga. Mzere wa mitu, manja okweza mafoni, ndi pangodya mpango wotuwa. Hayat anali atawerama kwambiri kuposa kale, dzanja lili chitambasulire. Sindikanatha kudziwa ngati anamutuma, kapena ngati ankafuna kunena kanthu kamene alibe njira ina yokanenera. M'madzi ofiira nkhope ya munthu sionetsa zimenezo.

Ndinanyamula phazi n'kuponda pakati pake. Nkhope inasweka, mitu inabalalika, timinti tija tinamira pansi pa zikopa.

"Eya," anatero a Tahar chapatali. "Tsopano wakhala wofufuta."

Ndinali nditaima osagwedezeka, mutu uli pansi, mpweya nditaugwira, ndikudikira kuti madzi adekhenso.